Amayi Akumudzi a Lusiya

Ndinadzuka kusanache, ngati kugona kwa pamaliro kungatchedwe kugona. Ndinali nditangotsamira khoma la nyumba ya siwa, miyendo itachita dzanzi. Amayi amene anachezera kuimba anali atatopa, ambiri atadzipinda pamikeka, nsalu atafunda mpaka kumutu. Kandulo wa pakona anali atatsala pang'ono kuzima. Pakati pa chipinda panali bokosi la mwana wanga woyamba, Lusiya, ndipo kumutu kwa bokosilo kunali achemwali anga, ali tsonga, dzanja lili pachivundikiro. Ndi mmene ndinawasiyira pamene tulo timandiba. Sanasunthe.

Malo akumutuwo ndi a mayi wa malemu, ndipo kwathu kuno kwa Mkhumba ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Koma galimoto itafika ndi thupi kuchokera ku Blantyre dzulo lake madzulo, achemwali anatsika atagwira kale bokosi, nalowa nalo m'nyumba, nakhala pomwepo. Ine nthawiyo ndinali kugubuduzika pabwalo. Pamene amayi anandidzutsa n'kundilowetsa, malo otsala anali akumiyendo. Palibe amene anachita dala. Ndinachezera kumiyendoko.

Ndinatuluka panja kuti ndikasambe kumaso. Kunali chiperoni, kamvula kosalira padenga koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Phiri la Mulanje, limene masiku onse limatiyang'anira kuseri kwa munda, silinkaoneka n'komwe. Azibambo anali atazungulira chitsa choyaka, makolala a majekete ali m'mwamba. Bambo a Lusiya sanali pakati pawo. Ndinawamva kuseri kwa khola akuwaza nkhuni, ntchito imene sinali yawo tsiku limenelo, koma panalibe wowaletsa. Adzukulu anadutsa atanyamula makasu ndi mapiki. Atsikana ankabwera kuchokera kumjigo motsatana, ndowa zili pamutu, n'kumathira m'madiramu. Kuseri kwa nyumba moto unali utayamba kale m'mizere, nkhuni zonyowa zikufuka utsi wolowa m'maso, ndipo amayi ena anali atakhala mozungulira lichero akusenda nandolo wauwisi. Nandoloyo anali wa m'munda mwanga. Ndinali ndikuti ndikamupatsireko Lusiya.

Kuti mumvetse za malo akumutu aja, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Lusiya anadwala ali ku pulayimale, m'nyengo yozizira ngati yomweyi. Zinali zilonda zapakhosi basi. Ana ambiri m'mudzi anali nazo. Mlongo wake, amene anapondana naye, anadwalanso sabata yomweyo. Ndinawapatsa madzi ofunda amchere ndi mapiritsi apagolosale, ndipo onse awiri anachira n'kubwerera kusukulu. Patapita masabata angapo Lusiya anatupa bondo, thupi lili moto. Bondo litaphwa, kunatupa kakolo wa mwendo wina. Kakolo ataphwa, unali mkono. Matenda oyendayenda chotero anthu anawapezera dzina msanga, ndipo panali nyumba zina zimene ndinasiya kuzipatsa moni. Kenako manja ake anayamba kugwedezeka okha. Ankagwetsa chikho, ankalephera kugwira pensulo, aphunzitsi n'kumati akuchita zachibwana. Pamene anayamba kupuma mobanika akangokwera kachitunda ka kuchitsime, tinapita kuchipatala, ndipo chipatala china chinatitumiza ku china mpaka tinakafika ku Blantyre.

Kumeneko dokotala wamkazi anamuika kachipangizo pachifuwa, ndipo ndinaona mtima wa mwana wanga ukugunda pagalasi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chichewa. Anati kachilombo ka zilonda zapakhosi kaja kanafa kalekale. Chimene chinkamudwalitsa mwana anali asilikali a m'thupi mwake momwe. Kachilomboko kali ndi khungu lofanana ndi mnofu wa tizitseko ta mumtima, ndiye asilikali aja, atatha kukapha, sanazindikire kuti ntchito yatha. Anatembenukira mfundo za miyendo ndi manja, kenako mtima, mpaka kachitseko kamodzi kanasiya kutseka bwino. Ndinafunsa kuti nanga bwanji mlongo wake, amene ankamwera naye chikho chimodzi. Anati matupi amasiyana, ambiri amamenya kachilomboko n'kuleka, owerengeka okha ndi amene amasokonezeka. Anatinso kachilomboko kakadzangobwerera pakhosi, asilikali aja adzadzukanso n'kuumenyanso mtima pamalo omwewo. Choncho Lusiya ankayenera kubayidwa jakisoni mwezi ndi mwezi, kwa zaka zambiri, osadumphitsa.

Chipatala chathu chili kutali. Mvula ikagwa kuphiri mtsinje umadzaza, munthu osawoloka. Nthawi zina umafika n'kumva kuti mankhwala sanabwere. Achemwali ankakhala pafupi ndi chipatala chachikulu, amuna awo ali pantchito, ndipo m'nyumba mwawo munalibe mwana. Palibe amene anandilanda Lusiya. Ndine ndinapempha. Ndine ndinachapa zovala zake, ndinazimanga m'chikwama, ndinamukweza minibasi. Ankabwera patchuthi, poyamba kawirikawiri, kenako mwa apo ndi apo, chifukwa ulendo unkamutopetsa. Kalankhulidwe kake kanasintha, Chilomwe chochepa chimene ankamva chinamuthawa. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake pafoni kuti ali kwa amayi akumudzi. Achemwali ankangowatcha amayi.

Anakhala moyo mpaka kumaliza sekondale n'kuyamba kuphunzira kusoka. Madokotala ankanena za opaleshoni yakunja, dzina lake linalembedwa, tinadikira. Mtima sunadikire. Tsiku limene achemwali anandiimbira kuti zafika poipa ndinathamangira kusiteji, ndipo ndili chiimire kudikira minibasi foni inaliranso. Anali alamu anga, amuna a achemwali. Anati, "Bwererani kunyumba, mlamu. Tikubwera naye."

Kutayera, anthu anayamba kufika. Oyamba anali a m'mudzi momwemo ndi midzi yoyandikana, amayi atanyamula mitolo ya nkhuni ndi timabeseni ta ufa. Anabwera achibale a kwa Kaduya pa njinga zakapalasa, matope ali mpaka m'mawondo. Anabwera ena a kutsidya kwa malire, amene sitinaonane nawo zaka zambiri, ndipo amayi achikulire pakati pawo anayamba kulira m'Chilomwe ali kumsewu. Anabwera Asilamu a pamsika amene amatigula nandolo, nakhala chapatali pansi pa mtengo wa mango, zipewa zoyera zitanyowa. Ambiri mwa iwo ankalowa m'siwa, ankandifunafuna ndi maso, n'kudzagwada pamene ndinali. Amenewa ankandidziwa. Koma ngakhale iwo, akandigwira dzanja, mawu awo ankathera kumodzi. Limbani mtima, inu Mulungu anakusiyirani ena, koma achemwali anuwa ndiye atsala manja lende. Ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndinkati, ndani anakuuzani kuti ana ali ngati nkhuku, kuti imodzi ikagwidwa umatonthola poona zotsala?

Dzuwa litakwera, ngakhale silinkaoneka, kunafika basi ya ku Blantyre ndi magalimoto ena ang'onoang'ono. Anatsika amayi a mpingo wa achemwali atavala zoyera, anatsika achinyamata a kwaya, anatsika atsikana a kusukulu ya zosoka. Anabwera ndi tenti yawo ndi mipando yapulasitiki. Ndinamva mmodzi akufunsa pakhomo kuti mayi a Lusiya ali kuti. Mayi wina wa m'mudzi anandiloza. Mlendoyo anandiyang'ana, nandigwira dzanja mwaulemu ndithu, koma maso ake anali atapita kale kutsogolo. Ataona achemwali anafuula n'kukawagwera pakhosi, ndipo onse obwera pambuyo pake anachita chimodzimodzi. Ankadutsa pa miyendo yanga akupepesa kuti andiponda.

Ndinakhala pamenepo ndikumva za mwana wanga kwa anthu amene sindinkawadziwa. Akuti ankaimba kwaya atakhala pampando chifukwa kuimirira nthawi yaitali kunkamubanikitsa, koma mawu ake ndi amene ankatsogolera. Akuti ankaseka anamwino pa tsiku la jakisoni, kuti amusinthire mbali chifukwa inayo yatha malo. Akuti ankagona chotsamira mapilo. Akuti sankadya zamchere wambiri, koma ankaba kachipisi kamodzi m'mbale ya mnzake n'kumuopseza kuti asanene. Ankati akakumbutsana chimodzi n'kuseka pang'ono, kenako n'kulira. Ine ndinalibe choti ndiwonjezerepo. Ndinayang'ana diresi lakuda limene achemwali anavala, ndipo mtsikana wina anandinong'oneza kuti analisoka ndi Lusiya. Linawakhala ngati anabadwa nalo. Inenso ananditumizirapo bulauzi chaka chatha. Inali yothina m'mapewa, sinkamangika. Sankalidziwa thupi langa.

Mtsikana yemweyo, poganiza kuti akunditonthoza, anandiuza kuti analipo m'chipatala nthawi yomaliza. Anati Lusiya sanavutike nthawi yaitali, anangoitana kuti amayi, amayi, ndipo amayi ake anali pomwepo atamugwira. Ndinamuyang'ana mtsikanayo mpaka anazindikira amene akulankhula naye. Anagwira pakamwa n'kutuluka. Funso limene ndinali nalo panalibe woti angandiyankhe.

Itakwana nthawi yoona nkhope, anatsegula chivundikiro chakumutu. Anali atamusambitsa ndi kumuveka kutauni komweko, ndi manja a amayi a mpingo. Tsitsi anamuluka bwino kwambiri, maluko amene kuno sitiwadziwa. Nkhope inali yotupa pang'ono, koma mphumi inali yomweija, ya bambo ake. Ndinafuna kupeza kanthu kokonza, kolala yopindika kapena ulusi wotsalira, kuti nanenso dzanja langa limugwire. Panalibe. Zonse zinali m'malo mwake. Mzere wa anthu unandikankha kumbuyo, ndipo ndinadutsa.

Mwambo unachitikira pabwalo. Chiperoni chinaleka pang'ono, kenako chinayambiranso, maambulera akutseguka ndi kutsekeka. Achimwene athu, amene ndiwo eni mbumba, analankhula mwachidule m'malo mwa banja, nathokoza achemwali ndi amuna awo chifukwa chosunga mwana. Alamu anawerenga mbiri. Anatchula kumene anabadwira m'chiganizo chimodzi, zotsalazo zinali za ku Blantyre. Pofotokoza za matenda ananena momveka, kuti anthu asanyozere zilonda zapakhosi mwa ana, kuti azipita nawo kuchipatala msanga akalandire mankhwala oyenera chifukwa mtima umatha kuwonongeka. Ankanena zoona, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kuthandiza, komanso kutseka pakamwa anthu aja a nkhani za ufiti. Koma ndinaona mitu ingapo ikutembenukira kwa ine. Madzi amchere aja ndine ndinafunditsa. Dokotala uja anandiuza kalelo kuti panalibe mmene ndikanadziwira, ndipo ndimakhulupirira. Komabe pabwalo paja zinamveka ngati mwana anadwalira kwa ine n'kukasungidwa kwa iwo.

Tinanyamuka kupita kumanda masana. Anyamata a m'mudzi ananyamula bokosi, akulandizana pamapewa, mlongo wake wa Lusiya ali kutsogolo, nsagwada zitauma. Kwaya ya kutauni inayambitsa nyimbo, a m'mudzi n'kuilandira mokoka, mwa kaimbidwe kathu, mpaka zinagwirizana. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya nandolo, ndi yopapatiza, ndipo tsiku limenelo inali yoterera. Amayi a nsapato zazitali anazivula n'kuzigwira m'manja. Achemwali ankayenda kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, amayi awiri ovala zoyera atawagwira uku ndi uku. Ine anandigwira anali mnansi wanga, amene timalima moyandikana. Nthambi zonyowa zinkatikwapula m'mikono.

Adzukulu anali atakumba pafupi ndi manda a mayi athu. Dothi linali lofiira, lomata. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, abusa anapemphera, ndipo makasu anayamba. Phokoso la dothi loyamba pabokosi sindilifotokoza. Amene analimvapo akulidziwa.

Mtumbira utakwera, mkulu wa mpingo wa kutauni anaimirira kuti aitane oika nkhata zamaluwa. Anati nkhata yoyamba aike amayi a malemu. Ndinayamba kudzuka pamene ndinakhala, koma nkhata inali itaperekedwa kale m'manja mwa achemwali. Mkuluyo anapitiriza kuti akonzeke amayi aang'ono a malemu, akundiyang'ana ine. Anthu a m'mudzi anang'ung'udza. Achimwene anapita kukamunong'oneza, iye n'kupepesa, nati amatanthauza amayi omubereka. Ndinabwerera pansi.

Achemwali sanapite kumtumbira. Anatembenuka, nayenda pamatope paja mpaka pamene ndinali, nawerama n'kunditambasulira nkhata ija kuti tigwire tonse. Ndinamva anthu akuvomereza chapansipansi kuti taonani chikondi. Chinali chikondi ndithu. Koma chimene ndinaona ine n'chakuti ngakhale ulemu wanga wa tsiku limenelo unayenera kudzera m'manja mwawo, iwo n'kundigawirako. Ndinaimirira, ndinagwira mbali ina ya nkhatayo, ndipo tikuyenda ndinalankhula motsitsa mawu kuti amve okha.

"Munamutenga akuyenda. Mwandibwezera bokosi."

Nkhata inanjenjemera pakati pathu, timaluwa tina n'kuthothoka. Tinagwada, tinaiika, tinadzuka. Amene ankationa anaona apachibale awiri ogwirizana.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pamphambano, nadya m'magulumagulu, a kutauni mutenti, a m'mudzi pansi pa mitengo. Basi inaliza hutala dzuwa lisanapendeke kwambiri chifukwa dalaivala ankaopa msewu. Amayi ovala zoyera anabwera kudzatsanzika, ndipo ulendo uno anaima kwa ine nthawi yotalikirapo, poti tsopano anali atadziwa. Alamu anapita nawo chifukwa cha ntchito. Achemwali anatsala, monga mwa mwambo, kudikira tsiku losesa. Tenti inapasulidwa. Amayi anatsuka miphika, aliyense n'kuzindikira wake. Njinga zinachoka imodziimodzi. Pabwalo panatsala phulusa, makoko a nandolo ndi mapazi a anthu m'matope.

Madzulo nyumba inali zii. Bambo a Lusiya anali pakhonde ndi achimwene. Ana anali kwa mnansi. Amayi achikulire amene anatsala kudzatigoneka anali kukhitchini. M'chipinda chija, pamene panali bokosi panaoneka pakulu kuposa mmene palili. Ine ndinakhala khoma ili, achemwali khoma ilo. Chichokere kumanda tinali tisanayang'anane.

Mwadzidzidzi foni yawo inalira m'chikwama, kulira kwa belu. Anadzidzimuka n'kuyamba kudzuka, bondo limodzi lili kale m'mwamba, kenako anaima. Anaitulutsa, naiyang'ana ikulirabe.

"Ndi nthawi ya mapiritsi ake," anatero.

Anaizimitsa, naigwira ndi manja awiri pamiyendo.

"Zimene unanena kumanda zija," anatero osandiyang'ana, "sindikukana. Koma sanali kuyenda bwino pamene ndinkamutenga. Pa siteji paja ndinachita kumubereka kumsana, waiwala?"

Sindinaiwale.

"Ine ndikudziwa kupuma kwake. Ndikakhala kuchipinda kwanga ndinkadziwa kuti lero madzi achuluka m'chifuwa. Ndikudziwa mapazi ake akatupa. Ndizo ndikudziwa." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ali wamng'ono sindinkabwera kuno. Unkati ndine wonyada. Sikunali kunyada. Ndinkalephera kukuona uli ndi wina kumsana, wina akukukoka nsalu, ine ndili chimanjamanja." Apa anadzutsa mutu. "Sindinamuonepo akuthamanga. Ankathamanga?"

Ndinafuna kukhala chete. Ndinaona kuti ndili ndi chinthu chimene iwo alibe, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma. Koma nkhope yawo inali ngati ya munthu wopempha madzi.

"Ankathamanga," ndinatero. "Anyamata ankamulephera."

Ndinawauza mmene ankapirikitsira mbuzi za eni zikalowa m'munda, akukuwa, diresi atalikwinyira m'chiuno. Mmene anakwerera mtengo wa mapeyala n'kulephera kutsika, mpaka bambo ake anakabwereka makwerero. Mmene ankabwerera kuchokera kuphiri ndi kamtolo ka nkhuni kochepa ngati tsache, n'kumafuna kuti aliyense akaone. Achemwali ankamvetsera kukamwa kuli yasa, ankafunsa kuti kenako, kenako. Pena anaseka, kuseka kwawo kukuthera m'misozi. Anasendera pafupi mpaka mawondo athu anagundana. Kunja kunada, wina anabweretsa nyali n'kutuluka mwakachetechete.

"China?" anafunsa.

Chinalipo. Pali kanthu kamene Lusiya ankachita akamagona pambali panga, asanadwale, asanadziwe kuti kuli Blantyre. Bambo ake sakadziwa. Ndinakamva kakufika pakamwa, ndipo ndinakabweza.

"Zatha," ndinatero. "Tiyeni tigone, achemwali."

Ndinawayalira mkeka pafupi ndi wanga, ndinawafunditsa bulangete langa lokhuthala chifukwa kuzizira kwa kuno anakuiwala. Kanthu kaja sindinawauze, ndipo pano sindikalemba.